Mphete Imene Tayi Anasungunula

Agogo athu anayamba kusula mphete zasiliva m'kachipinda ka zenera limodzi. Atamwalira, azakhali ndiwo anapitiriza ntchitoyo, zala zawo zili zipsera zokhazokha. Koma shopuyo inagwera msuweni wathu amene tinkamutcha Tayi, katswiri woima pakhomo n'kumauza makasitomala kuti luso lili m'magazi.

Tsiku lina azakhali atadwala, mayi wina anabweretsa mphete yaukwati kuti aikulitse. Tayi anavula jekete, nayatsa moto, ndipo mpheteyo inasungunuka n'kutsala ngati kanjere.

"Siliva wanuyu ndi wabodza, mayi," anatero mopanda manyazi.

"Anasula ndi agogo anu," mayiwo anayankha.

Azakhali atachira anasula ina. Tayi anakaipereka yekha, n'kulandira zikomo ndi manja awiri.