Mluzu wa Yohane

Ndikukumbukira amalume anga a Filimoni, munthu amene ankanena mosaseka kuti tsiku lililonse amayenda ulendo wobwerera ku zaka zakale. Pa zina zonse ankanama, koma pa ichi chokha ayi.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Area 47, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya abwana. Bambo ankasamala maluwa ndi kapinga, mayi ankagwira ntchito ya m'nyumba, ine ndili sitandade sikisi. M'kanyumba komweko tinkasunga agogo aamuna, bambo awo a mayi, amene mutu unali utawasokonekera. Pa unyamata wawo anali telala pakhonde la sitolo ku Old Town, ndipo m'maganizo mwawo anali adakali komweko. Ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala, mapazi akupalasa makina osaoneka, manja akukankha nsalu imene panalibe. Ine ankanditchula Esinati, dzina la mayi anga. Mayi anga enieniwo ankawayesa kasitomala wovuta, moti kangapo anawauza kuti diresi lawo silinathe, abwerenso mawa.

Amalume ankagulitsa mawotchi mu msika wa Lilongwe. Tisabise, anali tambwali. Wotchi yawo inkayenda bwinobwino ili pabenchi, ukangofika nayo kudepoti yaima. Ukabwerera kukadandaula, ankakuyang'ana ndi magalasi awo akuda aja n'kukufunsa kuti ukuthamangira kuti kwenikweni, poti tonse tikupita kumanda. Sankakhulupirira m'busa, wandale, dokotala, ngakhale wolosera zanyengo pa wailesi. Kutchalitchi ankapita pa maliro pokha, n'kukhala kumbuyo kumaona amene akulira mwachinyengo.

Koma dzuwa likapendeka, munthu yemweyo ankatseka benchi, kukwera minibasi, n'kudzatsika kwathu. Ine ndinkawachingamira pakona. Apo ankavula magalasi ndi wotchi n'kundipatsa, kupisira malaya m'thalauza ngati mwana wasukulu, n'kunena kuti, "Tiye, Esinati wabodza iwe, makina obwerera kale anyamuka." Akafika pageti ankaimba mluzu wina wake wokwera kumapeto. Nthawi yomweyo agogo ankaimitsa mapazi. "Yohane wabwera! Esinati, bweretsa tiyi."

Yohane anali mng'ono wawo wa amalume. Ine sindinamuone. Nkhani yake ndinaimva kwa mayi pang'onopang'ono, tikuchapa. Tsiku lina m'dzinja anyamata awiriwa ankachokera kusukulu, mtsinje wa Lilongwe utadzaza. Amalume, monga wamkulu, anati kuzungulira kumlatho n'kutaya nthawi, angowoloka pamiyala. Iwo anawoloka. Yohane anakapezeka patapita masiku, kutali kumunsi. Pamaliro agogo analoza amalume chala pamaso pa anthu n'kunena kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Amalume anamvera. Anapita ku Joni, kukhalako zaka zambirimbiri, ndipo pobwerako anapeza bambo awo sakuwadziwa. Nkhalamba inangowayang'ana n'kumwetulira: "Yohane, wachedwa bwanji?" Amalume anayankha kuti, "Aphunzitsi anatigwira, ababa." Maulendo aja anayamba choncho.

Ndipo sanali masewera ayi. Agogo sankalawa kanthu Yohane asanafike, ankati bambo sangadye mwana asanabwere kusukulu. Phala la m'mawa ankalikankha, cha masana ankachivundikira ndi mbale. Koma amalume akangokhala pamphasa, agogo ankatenga mbatata n'kuinyema pawiri, ndipo akayamba kudya ankadya chilichonse chimene tawaikira. Amalume ankasimba za mayeso a masamu ndi mphunzitsi wa ndodo, agogo akuseka mpaka kutsokomola, tiyi akutayikira pa ndevu. Mayi, munthu wopemphera, ankati bodza limeneli tikaliyankha kumwamba. Amalume ankati akafika kumeneko akayankha okha, pakali pano awonjezere shuga.

Chaka chimenecho kunagwa mvula yoopsa. Mtsinje unadzaza mpaka kukokolola timilatho ta mitengo ta kumsika, ndipo amalume anasowa. Poyamba tinati ndi mvula. Kenako tinati mwina malungo. Agogo ankangoyang'ana kugeti, milomo itauma gwa, mapazi osapalasanso. Bambo anayesa kuimba mluzu uja kuseri kwa mpanda, agogo anati timuthamangitse wakubayo. Mayi anawanyengerera ndi nthochi, kenako anakalirira kubafa kuti abwana asamve. Ndinaona ndi maso angawa munthu akufa ndi njala, chakudya chili pambali pake.

Ine ndinali mwana wosaopa, mpaka lero ndili choncho. Loweruka m'mawa ndinauza mayi kuti ndikukatenga amalume, ndipo sindinadikire yankho. Mumsika munali matope okhaokha, fungo la usipa wonyowa ndi makala ozima. Benchi ya amalume ndinaipeza yotseka. Mayi wina wogulitsa kaunjika anandilozera kumtsinje ndi mlomo. Amalume ndinawapeza atakhala pachitsa, ndevu zili nyankhalala, akununkha kachasu, akuyang'ana madzi ofiira akudutsa ndi nthambi ndi zinyalala.

"Bwerera kwanu," anatero osandiyang'ana. "Makina awonongeka. Yohane anafa, mdala uja akufa, iwenso udzafa. Mluzu usintha chiyani?"

"Agogo sakudya," ndinatero. "Zinazo mukawauze nokha, amalume."

Anatukwana mtsinje, anatukwana mvula, ananditukwana ine ndi mtundu wanga wonse, kuiwala kuti mtunduwo ndi wawo womwe. Kenako anadzuka. Anasukusula pampopi wa mumsika, ndipo tinakwera minibasi.

Pageti mluzu unatuluka wosasa, koma unatuluka. Agogo anadzutsa mutu. Ine ndinathamangira tiyi ndi mbatata. Amalume anakhala pamphasa n'kuyamba za aphunzitsi zija, koma agogo anakweza dzanja. Anatenga mbatata n'kuinyema, osati pawiri monga masiku onse, koma patatu.

"Yohane, mkulu wako ali kuti? Filimoni ali kuti?"

Chibwerere cha amalume, dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pa agogo.

"Mvula yonseyi mwana ali panja," agogo anapitiriza. "Akuyesa ndidakali wokwiya ndi za mtsinje zija. Ndinalankhula ndi mtima wowawa, basi. Pita ukamuitane. Sindidya asanabwere."

Amalume anatuluka. Ndinawatsatira mpaka pakona paja, ndipo ndinaona zimene sindinazionepo: tambwali wa mumsika akulira ngati kamwana, atagwira mpanda ndi manja onse. Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma ndinkadziwa kuti ndikalankhula andikalipira. Atatha anamina, anasolola malaya m'thalauza, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa wotchi ndi magalasi. Wotchi anavala, magalasi anaika m'thumba. Analowa pageti osaimba mluzu, n'kunena ndi mawu awoawo, okhuthala aja, "Odi, ababa. Ndine Filimoni."

Agogo anawayang'ana nthawi yaitali. "Wakula," anatero. "Samba m'manja."

Anadya awiriwo mwakachetechete, mayi ataima pakhomo atadzitseka pakamwa ndi chitenje. Chidutswa chachitatu agogo anachivundikira ndi mbale kuti Yohane akabwera achipeze. Anakhala ndi moyo mpaka anthu atakolola, ndipo amalume sanajombenso. Tsiku lina ankalowa ngati Yohane, lina ngati Filimoni, malinga ndi amene nkhalamba yamufunsa. Ine ndinkawauza pakona amene akufunika lero. Koma musaganize kuti anasintha, mawotchi oima aja anagulitsabe mpaka anthu anasiya okha kugula.

Lero zinthu zinasintha. Nthawi timaiona pafoni. Matenda a agogo aja ali ndi dzina kuchipatala, ndipo anthu ayamba kusiya kunong'onezana kuti nkhalamba yalodzedwa. Kanyumba kathu kaja anakagwetsa, mtengo wa mapeyala anadula, pamalopo pali malo ogona alendo. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ku City Centre, ndipo amalume ndimakhala nawo kwanga. Sagwiranso kachasu, satukwananso wandale. Amangokhala pakhonde, maso ali kugeti, chakudya atachivundikira ndi mbale. Ana anga amati tizingowauza zoona. Ndimawayankha kuti amene amazidziwa bwino zoonazo ndi amalumewo, anazisenza moyo wawo wonse.

Choncho ndikaweruka ndimaima pakona, kuvula magalasi ndi wotchi n'kuponya m'chikwama. Kwathu amati mkazi saimba mluzu, koma aneba anandizolowera. Ndikauimba, wokwera kumapeto monga ndinaumvera ndili mwana, amalume amadzutsa mutu, nkhope ili ndi mantha.

"Yohane! Wawoloka?"

"Ndawoloka, achimwene. Tiyeni tidye."