Udzu Wanga Unapsa Ndili Kusiteshoni

Kwathu ndi ku Chileka, koma ukwati unanditengera ku Lirangwe masiku a Chitaganya. Ndinapita monga mkamwini, ndili ndi njinga yokalamba, khasu, ndi kabokosi ka mabuku atatu opanda zikuto. Sukulu sindinaipondeko. Kuwerenga ndinaphunzira ndekha, poyamba m'buku la nyimbo za kutchalitchi, kenako m'manyuzi amene azungu ankataya pafupi ndi bwalo la ndege, kumene ndinkatchetcha. Ndinkadziyesa munthu wophunzira zedi, ngakhale kuti amene ankavomereza zimenezi ndinali ndekha.

Chaka chachiwiri mayi a kunyumba anali oyembekezera, ife tikugonabe m'kanyumba ka kuseri kwa apongozi, kamene denga lake linkaonetsa thambo. Ndinalonjeza nyumba yatsopano mvula isanagwe. Zipupa ndinaimika n'kumata, nsungwi za padenga ndinamanga, udzu ndinamweta n'kuunjika mitolomitolo kudambo. Chinatsala n'kututa ndi kufolera. Ntchito ya masiku anayi.

Masiku anayiwo anatha mwezi ndi theka.

Amuna ambiri a m'mudzimo anali ku Halale ndi ku Joni, ndipo mbiri inawanda kuti kwabwera mkamwini wodziwa pensulo. Ndikangoti ndinyamule luzi, ndimve:

"Odi kuno! Alembi alipo?"

"Alipo, mayi, koma ali pa ulendo wa kudambo."

"Aa, alamu, kakalata kakang'ono. Mawu awiri okha."

Mawu awiriwo ankayamba ndi moni wa ana mmodzimmodzi, kenako mbuzi imene yaswa, nkhokwe imene yapendekeka, ndiye pamapeto, "Fufutani pamenepo, angayese ndikumulira." Pomata envulopu dzuwa lili paliwombo.

Kukapanda kalata, kunkagwa maliro, ndipo pamaliro munthu sakwera padenga. Maliro atatha anabwera alangizi a malimidwe ndi chingwe chawo, n'kupeza kuti mizere yanga ndi yokhota ngati zilembo zanga. Ndinailimanso yonse.

Apongozi aakazi, potsata mwambo, sankalankhula nane maso ndi maso. Ankalankhula ndi mbuzi yawo, mokweza.

"Mbuzi iwe, uzithokoza, uli ndi khola lofolera. Anzako chaka chino afunda makalata."

Ndinayamba kupemphera pemphero limene lero ndimachita nalo manyazi. Ndinkati, Ambuye, nditsekereni njira ya kunyumba kwanga masiku anayi okha, anthu anuwa mudzawatumize pambuyo pake.

Mmawa wina wa Lachinayi ndinalawira, mitambo itayamba kale kusonkhana cha ku Mdeka. Ndisanatuluke pabwalo, anafika mayi wina amene mwamuna wake anali mtchona, zaka zambiri ku Joni wopanda ngakhale moni. Anali atagwira kalata ndi manja awiri. Ndinaitsegula ndili chiimire. Inachedwa m'njira. Mwamunayo ankati chifuwa cha kumigodi chamufoola, akubwera pa sitima, sangathe kuyenda pansi, wina akamuchingamire.

"Akuti afika liti, alamu?"

Apa ndivomere tchimo. Mdierekezi anandinong'oneza kuti wodziwa zolembedwazo ndine ndekha, ndikati mawa, ndani andigwire bodza? Ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana mayiyo.

"Lero," ndinatero. "Tiyeni ndipope njinga."

Sitima inachedwa monga mwa chizolowezi chake. Itafika, anatsika munthu wowonda ngati bango, ali ndi chipewa chabwino ndi sutikesi yopepuka. Mkazi wake anagwada, kenako anaimirira n'kuyamba kumukalipira akulira. Tinamukhazika pakaliyala, ine ndikukankha, mayiyo akumuchirikiza, ndipo tinkaima pamthunzi uliwonse kuti atsokomole.

Utsi ndinauona tili patali. Osaka mbewa anali atayatsa tchire, moto n'kulowa kudambo. Pamene panali mitolo yanga ndinapeza phulusa lofunda. Nyengo imeneyo udzu wofolera sungaupezenso, tchire lonse linali litapsa kale.

Masiku atatu ndinamusungira Mulungu mkwiyo, mwaulemu ndithu. Lamulungu masana ndinawerengera mayi a kunyumba nkhani ija ya anthu amene anasasula denga kuti atsitsire wodwala pamaso pa Ambuye.

"Mukuona?" ndinatero. "Wodwala akafika, denga la munthu wosalakwa ndilo limavutika."

"Pitirizani, bambo," anandiyankha. "Pamene mwini nyumbayo akudandaula ndi pati?"

Ndinafufuza ndi chala mpaka pansi. Panalibe.

Lolemba mmawa ndinamva odi, ndipo ine, mkhristu wobatizidwa, ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Odi wachiwiri, wachitatu. Nditasuzumira ndinaona amayi ali pamzere, aliyense mtolo wa udzu pamutu. Unali udzu umene anasungira kukonzera madenga awo. Wina anabweretsa iwiri, wina theka.

"Tulukani alembi, takuonani mapazi! Lero sitinabwere ndi mawu awiri."

Kumbuyo kwawo kunali mtchona uja, akuyenda ndi ndodo. Ndinamva tsiku lomwelo kuti asanapite ku Joni, nyumba zambiri za m'mudzimo anafolera ndi iyeyo. Kukwera sakanatha. Anamuikira mpando pansi pa mtengo wa mango, iye n'kumalamula, ine pamwamba, amayi akundiponyera udzu.

"Achimwene, luzi si pensulo, kokani ndi mphamvu! Yambirani m'munsi. Kodi kalata mumayambira kumapeto?"

Ankaseka mpaka chifuwa kumugwira, ndipo mkazi wake ankamumenya pamsana mopitirira pang'ono muyeso wa mankhwala.

Tinatseka pansonga tsiku lachitatu, madontho oyamba akundigwera pakhosi. Mvula imeneyo inagwa yamphamvu, ndipo denga linadontha malo amodzi okha, pamene ndinamanga mtchona atapita kukamwa madzi. Pansi pake panali kabokosi kanga ka mabuku. Ndinangokasuntha. Wakumwamba akafuna kukudzudzula mofatsa chotero, umangolandira.

Mwana wathu wamkazi anabadwira m'nyumba imeneyo, pouma. Mtchona uja anakhala ndi moyo nyengo za mvula zingapo, ndipo akadutsa ankaima n'kuyang'ana dengalo ngati lake. Linalidi lake, ndi la amayi aja. Langa linali bowo.

Tsiku limene mwana anatuluka m'chikuta, apongozi anadutsa pafupi ndi khonde akukoka mbuzi yawo. Anaima, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mbuzi iwe," anatero, "ukawauze alembi kuti mlongo wanga wa ku Chigaru sindinamulembere chaka chino. Mawu awiri okha."

Ndinalowa m'nyumba kukasongola pensulo.