Mkono Wanga Wotuwa ndi Tinsomba ta Abwana

Pa kontrakiti yanga analemba kuti dalaivala, ndipo chaka changa choyamba ku Doha ndinkagwiradi chiwongolero: kuperekeza madamu ku Al Sadd kokagula zinthu, kudikira pa pakingi, kenako kubwerera kunyumba ku Al Duhail. Abwana anali munthu wofatsa, wa imvi zapatalipatali. M'chipinda cholandirira alendo anali ndi thanki yagalasi yaitali ngati bedi, yodzaza madzi amchere. M'katimo munali timitengo tolimba ngati mwala, tanthambinthambi, tina tobiriwira tina tofiirira. Ankati ndi makorali, ndipo anandiuza kuti ndi amoyo. Ndinavomera ndi mutu, monga amachitira wantchito.

Tsiku lina tinapita kushopu ya nsomba zoweta kukatenga tinsomba tiwiri. Abwana anafukata thumba la madzi pamiyendo n'kundiuza kuti liwiro lisapitirire fote. Magalimoto anatilizira hutala njira yonse.

Kansomba kalikonse kanali kotalika ngati chala changa chapakati, kobiriwira mopita kubuluu, ka mawanga a mtundu wa lalanje m'mizeremizere, kamlomo kosongoka ngati bolopeni. Kena kakamuna, kena kakakazi. Abwana anati dzina lake lachingerezi limatanthauza nsomba ya tupa, poti khungu lake n'lokhakhala. Ine ndine wa ku Kasungu. Nsomba za msinkhu umenewo kwathu timagula pamulu, ndipo sitifunsa dzina.

Vuto linali lakuti tinsomba timeneti sitidya china koma makorali amoyo. Pomatha sabata, nthambi zina zinali zitayamba kuyera. Abwana ankaima pagalasi ngati munthu amene mbuzi zake zalowa m'munda mwake momwe, wosowa woti amukalipire. Ndiye anaganiza zoti tinsombato tiphunzitsidwe chakudya china. Sabata yomweyo kuntchito kwawo anawatumiza kunja kwa dziko kwa milungu itatu, sukulu yonse n'kugwera ine.

Asananyamuke anandiitana. Anatenga kanthambi ka korali yakufa, n'kukapaka phala la tinkhanu ta m'nyanja tochokera mu firiza.

"Uviike m'madzi, ugwire chonchi, osagwedezeka," anatero. "Kasanu pa tsiku. Ndipo mkono uwu usakhudze sopo, pafyumu kapena mafuta odzola. M'madzi muno zimenezo ndi poizoni."

"Nanga posamba, bwana?"

"Mkono umenewu madzi okha. Halasi, nkhani yatha."

Tsiku loyamba, nditangoviika dzanja, tinsombato tinathawira m'nthambi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinapeza tonse tiwiri titaima chadodolido, mitu pansi michira m'mwamba. Thukuta linandituluka ngakhale eyakoni inali ikuwomba. Ndinaimba foni ya vidiyo, abwana n'kutuluka mumsonkhano tayi ili pakhosi. Anayang'anitsitsa, n'kupuma.

"Mafi mushkila, palibe vuto. Timasambira choncho. Kodi tadya?"

"Tadya makorali anu, bwana."

Foni inaduka.

Madzi amchere kasanu pa tsiku, wopanda kudzola, kuphatikiza mphepo ya eyakoni, mkono wanga wamanja unatuwa kuchokera kuzala mpaka paphewa. Wamanzere unali wosalala bwinobwino. Ndinkaoneka ngati ndabwereka mkono kwa munthu wogwira ntchito pachigayo.

Lachisanu la sabata imeneyo ndinaba maola atatu kupita ku Al Mansoura kukacheza ndi anzanga akumudzi. M'chipinda chawo munkakhala akulu ena a ku Ntcheu, alonda apahotela, amene tonse tinkangowatchula kuti madala. Nditatambasula dzanja kuti ndiwapatse moni, anabweza lawo.

"Mphwanga, mkonowu unakaonetsa kwa adokotala?"

Ndinafotokoza zonse. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye kuti ukunyengerera matemba kuti adye?"

"Si matemba, madala."

"Ine ndimaima shifiti yonse pageti, dzuwa lili pamutu. Iwe unakwera ndege kudzatrena ndiwo. Chabwino. Zikanenepa adzadya ndani?"

Ndinati palibe adzadye. Madala anandiyang'ana mwachisoni, n'kundithirira tiyi wina.

Kunyumba, madamu anali atayamba kutopa nane. Iwo tinsombato sankatifuna n'komwe. Ankati thanki imeneyo ndi mkazi wachiwiri wa amuna awo. Tsiku lina la sabata yachiwiri anandidikira panja kuti ndiwaperekeze kusaluni, ine osatuluka. Analowa n'kundipeza nditaima pakampando, mkono uli m'madzi mpaka kukhwapa, maso ali tong'o pagalasi.

"Yala, fulumira, tachedwa."

"Mphindi zisanu zokha, madamu. Kamodzi kanasuzumira."

Anaima, chikwama chili m'manja. Kenako anakhala pasofa. Ataonerera kanthawi anati, "Nkhope yakoyo ndiyo ikuopsa tinsombato. Ukutiyang'ana ngati wapolisi. Yang'ana kukhoma."

Ndinatembenuza mutu n'kuyang'ana khoma. Panali wotchi ndi chithunzi cha ngamira. Kumbuyo kwanga madamu anayamba kunong'ona ngati muulutsi wa mpira amene akuopa kudzutsa mwana.

"Katuluka. Kakakazi. Kakubwera. Kabwerera. Usapume. Kabweranso."

Phewa linkayaka moto, mphuno ikuyabwa.

"Kajompha," anatero. "Kajomphanso. Mwamuna wake akungoonerera, monga mwa masiku onse."

Ine sindinamve kalikonse m'dzanja, ndipo sindinaone kalikonse koma ngamira ija. Ntchito imene ndinaivutikira masiku khumi ndi awiri inatheka ndili chofulatira. Komabe ndinachita manyazi kuti bambo wa ana atatu ndikulengeza misozi chifukwa kansomba kadya. Kusaluni sitinapitenso. Madamu anaimba foni n'kunena kuti kunyumba kwagwa zadzidzidzi.

Kuyambira tsikulo tinkagwira ntchito awiri, ine mkono, iwo maso. Kakamuna kanayamba kudya patapita masiku atatu, kataona kuti mkazi wake sanafe nacho. Pang'ono ndi pang'ono tinsombato tinazolowera, mpaka ndinaloledwa kuyang'ana ndi diso limodzi.

Abwana atabwera sanakhale n'komwe pansi. Anasiya sutikesi pakhomo, n'kuonerera ine ndikudyetsa. Anandigwira paphewa nati, "Mashala, wachita bwino." Kenako anavala mkanjo wawo woyera, anapinda mkono, anatsuka dzanja, n'kulanda kanthambi kaja. Atangoviika, tinsombato tinazimiririka.

"Takhuta," anatero.

Mawa lake tinathawanso. Abwana ankagwedeza kanthambiko, kuitana ndi mluzu, kuyankha foni ndi dzanja linalo. Ndinaima pambali ndikulimbana ndi mtima wanga, chifukwa chiyambire ntchito ndinali ndisanawauzepo chochita. Madamu anandikodola ndi nsidze kuti ndilankhule.

"Bwana, mundikhululukire. Foniyo muisiye."

Anaisiya.

"Musagwedeze dzanja. Komanso musalankhule."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Tsopano yang'anani kukhoma."

Ananditembenukira, ndipo ndinaganiza kuti tikiti yobwerera kwathu yapezeka. Koma anayang'ana kukhoma. Anachita zimenezi masiku anayi, kawiri pa tsiku, asanapite kuntchito ndiponso akaweruka. Mkono wawo nawonso unayamba kuuma, ndipo anandifunsa mwakachetechete ngati kuyabwako kumatha.

Tsiku lachisanu lake, kakakazi kanatuluka, kanazungulira kawiri, n'kuyamba kujompha. Kakamuna kanatsatira. Posakhalitsa kanthambi kanayera, phala lonse litatha.

"Tayamba?" abwana anafunsa ndi mawu apansipansi, nkhope ili kukhoma.

Ndinafuna kuyankha, koma madamu anakweza chala.

"Ayi ndithu," anatero. "Tikuganizabe. Musagwedezeke."

Anadzithirira khofi m'kakapu, n'kuthiranso wina kupatsa ine. Tinamwa mosafulumira, ndipo abwana anaima pakampando paja mphindi zina khumi.