Loya wa m'foni pa mlandu wa mapeyala

Lolemba lapitali azakhali anga aNambewe anandiitanitsa ku Nabvutika. Nkhani yake inali mtengo wa mapeyala umene uli m'malire mwa iwo ndi a Zulu, aneba awo. A Zulu ankafuna kuudula, ati mizu ikung'amba chimbudzi chawo.

"Ndamva kuti m'foni mwako muli loya," anatero azakhali. "Muuze andilembere kalata."

Ndinatsegula kapulogalamu ka AI kaja kamene kamayankha chilichonse, iwo n'kufotokoza kuyambira chaka chimene anakwatiwa. Kenako kanafunsa kuti tsinde lili mbali ya ndani.

"Iwe, ameneyu ndi loya wanga kapena wa a Zulu? Lemba kuti ndinabzala ndine, basi!"

Ndinalemba. Kalata inatuluka ya Chingerezi chonona, moti azakhali anaipsompsona asanamve n'komwe tanthauzo lake.

Lachinayi tinakakhala kwa atcheyamani a dera. Azakhali atatulutsa pepala lawo monyadira, a Zulu nawonso anapisa m'thumba n'kutulutsa lawo. Atcheyamani anawerenga onse awiri, n'kuvula magalasi.

"Abale anga, loya wanu ndi mmodzi. Ndipo akuti nonse mukunena zoona."

Anatenga chingwe, tonse n'kupita pamtengo paja. Atayeza, tsinde linapezeka pakati penipeni. Anagamula kuti mizu ya kuchimbudzi idulidwe, mtengo utsale, mapeyala azigawana.

Pobwerera azakhali anandinong'oneza kuti, "Foni yakoyo yadya chiphuphu."

Ndinaseka, koma musafulumire kunyoza. Ndi angati kuno amene analowapo mu ofesi ya loya? Mayi wa ku Madzimoyo amene alamu ake akumulanda munda, angafunse ndani ngati lamulo likumuteteza? Kafoni aka sikayang'ana nsapato zimene wavala, sikakuuza kuti ubwere mawa. Pamenepo kathandiza ndithu.

Vuto n'lakuti kamamva mbali imodzi, ya amene wakagwira m'manja. Ndipo ife timafotokoza mlandu ngati mmene timagulitsira tomato, wowola pansi, wabwino pamwamba.

Paja amati mlandu suola. Posachedwapa aliyense azifika kukhoti ndi kalata yomuuza kuti wapambana kale. Nanga oweruza nawonso akadzayamba kufunsa foni yomweyo, adzadzuke pampando ndani kuti akaone malire ndi maso?