Paipi ya Utsi ya Mota ya Bambo

Bambo anga atasiya kuona ndi pamene anayamba kundivutitsa za mota yawo. Kuno ku Milange njinga yamoto timaitcha mota. Yawoyo inali yakalekale, yakuda, yolemera ngati ng'ombe, ndipo anawasiyira ndi wansembe wina pobwerera kwawo. Bambo anali katekisiti. Anazungulira nayo matchalitchi a kumidzi ya ku Molumbo mpaka nkhondo itadula mafuta. Kuchokera pamenepo inangokhala kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

"Ndiimve ikulira kamodzi kokha, kenako ndizipita," ankatero tsiku ndi tsiku.

Kuchipatala anali atatibweza kale, namwino atandikokera pambali n'kundiuza kuti tisavutikenso ndi maulendo. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zakapalasa pamsika. Za injini ndinkangodziwa zapamwamba, koma mwana wamwamuna ndinalipo ndekha, ndiye ndikanakankhira kwa yani?

Ndinaiphwasula yonse pachiguduli. Zitsulo zake m'sitolo mulibe, ogulitsa ankangondiseka kuti achimwene, mota imeneyo inafa pamodzi ndi atsamunda. Ndinawoloka malire kangapo kupita ku Muloza, n'kumafukula milu ya zitsulo zadzimbiri mpaka manja kung'ambika. Kabureta ndinakaipeza ku Mongue kwa mkulu wina wachigayo. Pisitoni ndinaipeza kwa mayi wina amene ankatsekera nayo chitseko kuti chisamenyedwe ndi mphepo. Masabata asanu anatha choncho, uku Bambo akutha pamphasa ine ndikuona. Ndinkachita mantha kuti andisiya ndisanamalize, moti chakudya sichinkalowa.

Chinatsala ndi paipi ya utsi, imene pamotapo panalibe. Ndinagula ya mota zamasiku ano, ndinaipinda, ndinakaiwotcherera, n'kuliza injini pabwalo. Inalira. Ndinathamangira m'nyumba thukuta lili kamukamu. Bambo anapendeketsa mutu, anamvetsera pang'ono, kenako anatembenukira kukhoma.

"Ndi ya yani imeneyo? Ikulira ngati udzudzu. Yanga inkalankhula pansipansi."

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense pamsika amadziwa. Ndinatuluka n'kukankha ndowa ndi phazi mpaka chikhadabo kuchoka. Mayi anga anandipeza nditakhala pansi, ndipo anandiuza chimene sindinkadziwa. Paipi yeniyeni Bambo anaipereka kalekale ku katchalitchi kena ka ku Molumbo, kamene kanalibe belu. Anthu akumeneko ankaimenya poitana anzawo ku mapemphero.

Lachinayi m'mamawa ndinamangirira rimu ya galimoto pakaliyala kuti ndikasinthanitse, ndipo ndinapalasa mpaka dzuwa kupendeka. Paipi ndinaipezadi, ili lendelende pawaya mumtengo wamango, yotibuka paliponse koma yosabooka. Ndinafotokozera mkulu wampingo zonse, mpaka ndinagwada, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

Mkuluyo anagogoda rimu ija n'kupukusa mutu. "Kulira kumeneku ndi kwa belu lakusukulu. Tikapachika iyi, ana azibwera kutchalitchi ndi makope, azimayi azikasonkhana kusukulu." Kenako anati, "Paipiyi anatipatsa ndi manja awo. Akatumiza mawu okha, tidzakupatsani."

Mawu amenewo ndinkadziwa kuti Bambo sangatumize. Zimene apereka sankazifunanso, olo chikhale chipewa cha pamutu pawo. Ndinagona komweko, ndipo mawa lake anthu ali kuminda ndinadula waya ndi pulaya, n'kukulunga paipi m'thumba. Ine, mwana wa katekisiti, kuba belu la tchalitchi dzuwa likuswa mtengo! Njira yonse ndinkacheuka, koma sindinaime.

Loweruka m'mawa ndinaimanga pamota. Ine ndi Mayi tinawanyamula Bambo pampando n'kuwakhazika pafupi ndi mota. Ndinaponda kamodzi, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu inayankha, du du du du, pansipansi, mpaka nkhuku kubalalika. Bambo anatambasula dzanja n'kuliika pathanki. Misozi inatsika m'maso osaona aja.

"Ndi imeneyi," anatero. "Ndi imeneyi, mwana wanga."

Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinalira nawo osabisa. Koma atandiuza kuti ndizimitse, anatenga ndodo yawo n'kuyamba kufufuza nayo m'mbali mwa mota. Itafika papaipi anagogoda kawiri. Kenako anagoneka ndodo ija pamiyendo pawo.

"Mawa ndi Lamulungu," anatero. "Anthu aja awaitana ndi chiyani?"

"Bambo, ndachitira inu. Mwezi wonse sindinagone."

"Ndamva, ndipo zikomo. Tsopano kabweze."

Ndinawapempha kuti ndipite Lolemba, chifukwa mpweya wawo unali utayamba kuvuta ndipo sindinkafuna kuchoka pakhomo. Anakana. Anati ndikwere motayo kuti ndikafike kusanade, iwo atsala pampando pomwepo kumvetsera. Mayi anadzandiuza pambuyo pake kuti sanalole kulowetsedwa m'nyumba mpaka kulira kwake kutazimiririka kuseri kwa phiri.

Ndinafika madzulo. Ndinamasula paipi idakali yotentha, zala n'kupsa. Mkulu wampingo uja sanandikalipire. Anangolowa m'nyumba mwake n'kubwera ndi waya watsopano, ndipo anandigwirira paipi ine ndikumanga. Bola akanandimenya.

M'mawa mwake anaimenya, anthu n'kutuluka m'tinjira tonse atavala zoyera. Sindinadikire mapemphero. Ndinabwerera ndi mota yopanda paipi, ikubangula moti ana ankathawira m'tchire. Nditayandikira kwathu ndinaona masamba aikidwa pamsewu, ndipo ndinazimitsa injini n'kuikankha mtunda wotsalawo. Bambo anali atatisiya m'mawa womwewo, ine kulibe.

Mota ija ndikadali nayo, ili pakhonde, ndimaipukuta Loweruka lililonse. Anthu odziwa njinga zakale amabwera kudzaiona, ena ochokera kutali, ndipo onse amanena chimodzimodzi, kuti n'zachisoni kuti paipi yake inasowa. Ndimawauza kuti sinasowe. Ili ku Molumbo, ili pantchito.