Khosi la a Sindithamanga

Ku depoti ya mabasi aliyense ankawadziwa ndi dzina loti a Sindithamanga. Dzinali linabadwa kalekale, tsiku lomwe wokwera wina anawakalipira kuti basi ikuyenda ngati ili ndi pakati. Iwo anangoyankha maso ali pamsewu: "Sindithamanga, achimwene. Wofuna kufika msanga kumanda atsike pompano." Basi yonse inafa nalo phwete, ndipo dzinalo linawamatirira mpaka imvi.

Ntchitoyi anailowa ali mnyamata. Anayamba ndi kutsuka mabasi, n'kukhala kondakitala, kenako anagwira chiwongolero osachisiyanso. Ena amanyadira nyumba, ena ana ophunzira. Iwo ankanyadira kuti pa moyo wawo wonse sanagundepo munthu, ngakhale galu.

Koma mpando wa dalaivala unkawadya mwakachetechete. Siponji yake inali itaphwa, mpandowo n'kupendekera mbali imodzi, ndipo bampu iliyonse inkadutsa m'msana kukathera kunkhongo. Zaka zingapo m'mbuyomo lole inawagunda kumbuyo ataima pa maloboti. Mutu unaponyeka uku ndi uku, iwo anatsika, anayang'ana bampala, n'kupitiriza ulendo. Khosi linawawa masiku ochepa, kenako linaoneka ngati laiwala.

Silinaiwale. Linayamba kuuma m'mawa, kenako tsiku lonse, mutu n'kumalemera ngati asenza mwala. Woyamba kuona anali akazi awo, chifukwa ukawaitana ankatembenuka thupi lonse ngati kabati.

"Bambo a ana, khosilo latani?"

"Ndinagonera. Pilo wanu uja walimba ngati njerwa."

"Pilo yemweyo mwagonera zaka zonsezi. Walimba liti?"

Kuntchito a Sindithamanga sanauze munthu. Dalaivala wosatha kucheuka ndi dalaivala wotha ntchito, ndipo zimenezo ankazidziwa bwino. Ankameza mapiritsi opha ululu ali kuseri kwa basi, n'kumadalira magalasi a m'mbali.

Masana ena akubweza basi m'mbuyo pa depoti, kondakitala atapita kukamwa madzi, anayesa kucheukira kumanzere. Ululu unawabaya ngati singano yamoto, mutu n'kukana. Anati m'mtima, paja kumbuyoku kumakhala kopanda munthu. Anangomva kukuwa. Anaponda buleki ndi mphamvu zonse.

Atatsika anapeza mayi wogulitsa malalanje ali pansi, khanda lili kumbuyo, beseni lake litaphwanyika kunsi kwa tayala. Tayalalo linaima pafupi kwambiri ndi mwendo wake. Mayiyo sanavulale, komanso sanatukwane. Anangomasula mwanayo, n'kumukumbatira. A Sindithamanga akanakonda kutukwanidwa. Anagwada n'kuyamba kutola malalanje mofufuza ndi manja, poti kuweramitsa mutu sankatha. Kenako analowa mu ofesi n'kuika makiyi patebulo.

"Bwana, kumbuyo sindikuonako. Ndi kale ndithu."

Kunyumba ankangokhala pakhonde ngati mlendo. Chakudya chinkazizira m'mbale. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, ndiye anabwera ndi nkhani ya mayi wina wodziwa kuwongola msana ndi khosi ndi manja. Dzina la ntchitoyo linali lalitali, lachilendo, ndipo bambowo analephera kulitchula. Ankangoti "wowongola uja".

"Ukufuna akandipotokole ngati nkhuku?"

"Adadi, nkhuku imacheuka. Inu mukuipitirira pati? Valani nsapato."

Chipinda cha mayiyo chinali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Munali bedi lopapatiza lokhala ndi bowo loikapo nkhope, ndi msana wapulasitiki utapachikidwa pakona. Mayi wowongolayo sanafulumire kuwagwira. Anafunsa kaye. Kodi manja amachita dzanzi? Zinthu zimawapulumuka m'manja? Amamva chizungulire? Anachitapo ngozi? Za lole ija anazikumbukira pamenepo, atafunsidwa kachiwiri.

"Bambo, sindikhudza khosi lomwe sindinalione m'kati. Kajambulitseni kaye kuchipatala."

Atabwera nacho chithunzicho, mayiyo anachiika pawindo n'kuwalozera timafupa tosanjikizana. Anati tina tayamba kuperepeseka, mipata yake yachepa. Ngozi ija inasiya chilema, mpando wopendekeka unawonjezera, ndipo kukhala chiumire tsiku lonse mapewa atakwera kunamangitsa minofu ngati chingwe chonyowa.

"Zoperepesekazi sindingazibweze, ndisakunamizeni. Koma zomangikazi tikhoza kuzimasula, mukandithandiza."

Anagona chagada. Mayiyo ananyamula mutu wawo m'manja ake ofunda n'kunena kuti, "Usiyeni, ndaugwira ine." Chinali chinthu chovuta kuposa kuyendetsa basi m'matope. Munthu amene moyo wonse wanyamula anthu sadziwa kunyamulidwa. Zala zinkafufuza mfundo zolimba, kuzikanikiza, kukoka mutu pang'onopang'ono, kuupendeketsa mpaka pamene ululu wayambira n'kuubweza. Analowetsa dzanja pansi pa msana, pakati pa mapewa, n'kudinikiza kamodzi, panamveka kuti thee. Bambowo anagwira m'mphepete mwa bedi, kudikira imfa. Sinabwere. M'malo mwake misozi inatsikira m'makutu, ndipo mayiyo anachita ngati sanaione.

Anapitako maulendo angapo. Tsiku lina ankabwerako thupi litapepuka, tsiku lina likuwawa ngati amenyedwa. Mayiyo anawapatsanso zochita kunyumba: kukokera chibwano m'kati, kuzunguza mapewa, kutembenuza mutu mosakakamiza. Akazi awo ankaimirira pakhomo la kukhitchini atagwira pakamwa.

"Ukalamba uno mwayamba kuvina?"

"Ndi mankhwala, mayi. Musandiseketse, ndisokoneza."

Mutu unaleka kuwawa. Kumanja khosi linamasuka bwinobwino. Kumanzere linafika pena pake n'kuima, ndipo wowongolayo ananena mosabisa kuti mwina malire ake ndi omwewo.

Bwana wa depoti atamva kuti apezako bwino anawaitana, makiyi ali m'manja. Ankawafuna, madalaivala ofatsa ndi osowa. A Sindithamanga anakwera basi yawo ija, anakhala pampando, anagwira chiwongolero chomwe chinali chitasalala ndi zikhatho zawo. Anacheukira kumanzere. Anaona chitseko, anaona mpando woyamba. Kupitirira apo kunali mdima wa khosi lawo. Injini sanailize. Kenako anatsika n'kubweza makiyiwo.

"Patsala pang'ono pomwe sindiona, bwana. Koma munthu amakwana pa pang'ono pomwepo."

Bwanayo anawapatsa ntchito ya pabwalo. Masiku ano amaima kumbuyo kwa basi iliyonse yomwe ikubwerera, atavala chovala chowala, dzanja lili m'mwamba, wezulo pakamwa. Madalaivala achinyamata amadandaula kuti mdalayu amawachedwetsa, amathamangitsa ngakhale nkhunda. Iwo amangoimba wezulo. Akaona wina akudzisisita kunkhongo potsika, amamukokera pambali n'kumufunsa kuti zinayamba liti.

Kukazizira khosi limawakumbutsabe. Akazi awo amaviika thaulo m'madzi otentha, kulifinya, n'kuliika pamapewa pawo. Likazizira thaulolo bambowo amavala jekete n'kutuluka, kukakwera basi ngati wina aliyense.