Kapu Pansi pa Chitsime

Ku Chinsapo kuli mkulu wina wokumba zitsime, munthu wosayankhulayankhula. Asanagwetse khasu pansi amayamba alawa dothi ndi nsonga ya lilime. M'thumba la jekete lawo mumalira mapale a mbiya amene amatola m'maenje, ndipo sataya ngakhale limodzi.

"Mudzi sufa ndi nkhondo," amatero mkuluyo. "Umafa tsiku limene mfumu yagawa dambo."

Anthu amangoseka, poti dambo lakuno atsogoleri analidula mapuloti kalekale. Jacinta, mayi wogulitsa kaunjika, anamanga pomwepo.

Chitsime chake chitauma mu Okutobala, Jacinta anaitana mkuluyo kuti achizamitse. Anakumba masiku atatu. Tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, khasu linangoti zii. Jacinta atasuzumira anawaona atanjuta pansipo, pakati pa miyala yoyalidwa bwinobwino mozungulira, ngati pakamwa pa chitsime china.

"Agogo, mwawapeza madzi?"

"Ndapeza anzathu akale, mayi. Iwonso anakumba pompano. Makala awo ndi awa. Anatha mitengo, madzi n'kuwathawa."

Anakweza mtsuko wosasweka, wodzaza mchenga wouma.

"Nanga anapita kuti anthuwo?"

"Dothi silinena. Tandiponyerani kapu yanu yapulasitiki ija."

Jacinta anatenga kapuyo. "Mumweramo chiyani, madzi kulibe?"

"Si yomwera ayi," mawu anakwera modekha kuchokera pansi. "Ndiiyike pambali pa mtsukowu, kuti odzakumba m'tsogolo adzadziwe kuti nafenso tinalipo."